Linki Yomwe Inakana Kufa

Ulusi wa opaleshoni unali ukukokabe pamimba pomwe Mayi Waya anakankha chitseko cha kaofesi kake Lolemba m'mawa. Dokotala anati apume milungu isanu ndi umodzi. Iye anapuma itatu, ndipo itatuyonso inamutalikira. Dzina loti Waya anamupatsa ndi anzake pakampani yogulitsa mbewuyo, poti tsiku lililonse ankamupeza atagwada pansi pa desiki ya wina akulondola mawaya a kompyuta. Lero sanagwadire aliyense. Anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, n'kuyatsa kompyuta.

Chomwe chinamudzutsa pabedi ndi mng'ono wake. Ameneyu anali woyeza mbewu mulabu ya kampani yomweyo, mpaka pomwe alimi mazanamazana anabzala soya yemwe sanamere. Pachikalata chovomereza mbewuyo panali chidindo chake. Anamuchotsa ntchito, ndipo Lachitatu likubwerali bungwe lopereka ziphaso kwa oyeza mbewu linali litamuitana. Akakamulanda chiphaso, basi, sukulu ya zaka zinayi yalowa m'madzi, ndipo dzina lake likhala la munthu amene anagoneka alimi ndi njala.

Iye ankalumbira kuti sanadinde. Ankati anamuuza Bwana Malonda, mkulu wa zogulitsa, pamsonkhano wa pavidiyo wa awiriwiri, kuti mbewuyo ndi yakufa, ndipo akaunti yake inkajambula yokha msonkhano uliwonse. "Zili mu akaunti yanga, mukadzionere nokha," anatero tsiku lomuchotsa ntchito. Kutacha, akauntiyo kunalibe.

Nanga anafufuta ndani? Chaka chatha Mayi Waya anamanga mtolo umodzi maakaunti onse a pulogalamu ya misonkhano. Akaunti iliyonse yotsegulidwa ndi imelo ya kampani inalowa mumtolomo, kuyambira ya wa kusitolo mpaka ya Bwana Wamkulu, ndipo chingwe chake chinali m'manja mwa munthu mmodzi. Wotsegula akaunti anali iye, wotseka anali iye. Kaundula wa pulogalamuyo anali pasikirini pamaso pake tsopano, ndipo ankanena mosapita m'mbali: Lachiwiri, 10:14 m'mawa, akaunti yafufutidwa. Pamzere wa wofufuta panali dzina lake.

Pa 10:14 Lachiwiri limenelo iye anali chigonere kuchipatala, paipi ili pamkono, osadziwa n'komwe kuti kunja kwacha. Mng'ono wake anabwera kudzamuona kamodzi kokha ataona tsamba la kaundulalo. Sanakhale pansi. "Achemwali, ndikudziwa kuti pakompyutapo simunali inu. Koma makiyi munasiyira ndani? Munandisiya pakamwa pa afisi." Chichokereni tsiku limenelo, foni sankayankha.

Tisanamizane, Mayi Waya sanabwerere chilungamo chokha. Ankafuna aone munthu akugwa, ndipo agwe anthu akuona.

* * *

Lamulo la pakampanipo linali loti woyang'anira makompyuta akachokapo, pasiwedi yake aziisiya mu envelopu yomata, m'kabati yachitsulo. Makiyi a kabatiyo anali ndi anthu awiri: mlembi wa Bwana Wamkulu, ndi mkulu woona za antchito, yemwe aliyense ankangomuti a Fomu. Anayambira kwa a Fomu.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Kalata ya dokotala yokulolani kuyamba ntchito mwatenga?"

"Ndatenga funso. Munalamula ndinu kuti akaunti ya mng'ono wanga ifufutidwe?"

A Fomu anavula magalasi n'kuwaika pa desiki mofatsa. "Mayi, ine pano ndatha zaka makumi awiri. Malinga ndi ndime 14, akaunti ya munthu wochotsedwa ntchito imayimitsidwa miyezi itatu. Kuyimitsidwa, osati kufufutidwa. Ndipo kuyimitsako kumafuna fomu yobiriwira. Fomu yobiriwirayo ndi iyi." Anaisolola mufayilo. Panalibe cholembedwa chilichonse. "Popanda fomu, kwa ine chinthucho sichinachitike."

"Chinachitika, bambo. Lachiwiri lija 10 koloko munali kuti?"

Anakweza mlomo ndi chala kuonetsa mpata pomwe panali dzino. "Kwa dokotala wa mano, 9 koloko mpaka 12. Chilolezo ndinadzilembera ndekha, n'kudzisainira, n'kudzisungira mufayilo yanga. Mufuna muchione?"

"Tsegulani kabati."

Envelopu inali pomwe anaisiya. Tsiku lochoka anaimata yekha ndi guluu, a Fomu n'kudinda pomatapo. Tsopano chidindocho chinali chitang'ambika pakati, ndipo wina anachilumikiza mwaulemu ndi selotepi.

A Fomu anabwerera m'mbuyo. "Selotepi! Ine selotepi pachikalata cha kampani? Mayi, mundinyoze ndi china."

"Sindinati ndinu. Muno amakonda selotepi ndani?"

Onse awiri anangotembenukira kukhomo, komwe kunkamveka phwete la mlembi akuseka pafoni.

* * *

Asanafike kwa mlembiyo, fungo la pafyumu linamutsekera njira, mwini wake n'kutsatira pambuyo. Bwana Malonda anali munthu wa suti zowala ndi mawu ambiri, ndipo anakwatira mwana wa mchemwali wa Bwana Wamkulu. Khoswe wa pamkhate weniweni.

"Aaa, akufa adzuka! Mayi Waya athu, munatiopseza inu. Pepani ndi za mng'ono wanu. Mwana wanzeru ndithu, koma ana a masiku ano phuma."

"Lachiwiri lija 10 koloko munali kuti, bwana?"

Anaseka mpaka tayi kugwedera. "Opaleshoni yakusandutsani apolisi? Funsani, funsani, ine ndilibe chobisa. Ndinali kunthambi yathu ya kumunda, ulendo wa maola atatu. Ndinanyamuka Lolemba masana, n'kubwera Lachinayi. Dalaivala alipo. Alimi makumi atatu anandiona ndikulankhula, zithunzi zili pafoni apa. Envelopu yanuyo ndikanaitsegula ndi chiyani, ndi maloto?"

"Za envelopu wakuuzani ndani?"

"Lamulo la kampani limenelo, ngakhale wosesa amalidziwa." Anasendera pafupi, mawu n'kutsika. "Ndikulangizeni ngati mkulu wanu. Dzina lili pakaundula paja ndi lanu. Mukakumba kwambiri, dzenjelo mugweramo awiri a mimba imodzi."

Anamusisita paphewa n'kumapita akuimba likhweru. Mayi Waya anagwira khoma mpaka kupweteka kwa pamimba kutatsika. Mumtima mwake anamuuza kuti aimbe ndithu, mlandu suola.

* * *

Mlembiyo anthu ankamutcha Wailesi, ndipo dzinalo silinamulakwire. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri iye ndi Mayi Waya ankamwera tiyi m'fulasiki imodzi.

"Mnzanga! Iii, koma wawonda! Khala pansi ndikuuze, iwe sukudziwa zachitika muno, wa kusitolo uja akuti mkazi wake anamupeza..."

Mayi Waya anaika envelopu pa desiki, mbali ya selotepi ili kumwamba. Wailesi inazima.

"Lachiwiri lija madzulo unabwera kuchipatala ndi malalanje. Unandisendera wekha, n'kumandiika m'kamwa. M'mawa mwake unali utachita chiyani?"

"Mnzanga, tandimvera kaye..."

"Ndikumva."

"Anaimba foni. Bwana Malonda. Akuti kunthambi kwabwera wantchito watsopano, akufunika akaunti lero lomwe, akuti Bwana Wamkulu avomera kale, akuti iwe fulumira alendo akudikira. Ine ndinangotsegula, n'kuwawerengera zilembozo pafoni, basi. Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa! Nditamva za mng'ono wako ndinatsekula m'mimba masiku awiri."

"Milungu itatu, iwe Wailesi. Nkhani za dziko lonse umaulutsa, imodzi yokhayi ndiyo unatha kusunga."

Misozi inayamba kuchotsa utoto wa m'maso. Mayi Waya sanamve chisoni ngakhale pang'ono.

"Lachitatu ukanene zimenezi kubungwe."

"Ine? Ndili ndi ana atatu, mnzanga. Akakana! Akanena kuti envelopu ndinatsegula ndine, kufufuta ndinafufuta ndine. Amva za ndani, za ine kapena za mkamwini? Komanso ngakhale nditanena, vidiyoyo ibwerera? Zinapita zimenezo."

Apo ndiye analasa pabala. Akaunti ikafufutidwa mupulogalamu imeneyo imapita ndi zonse zili m'mimba mwake, zojambula, misonkhano, chilichonse. Mayi Waya anali atalembera kale eni pulogalamuyo ali pabedi, ndipo anamuyankha ndi pepani waulemu. Tsopano wakuba ankamudziwa, njira ankaidziwa, koma m'manja munalibe kanthu.

Wailesi anapukuta m'maso n'kuyang'ana wotchi. "Mayo, 10 koloko yatsala pang'ono. Ndikawayatsire Bwana Wamkulu tabuleti, msonkhano wa Lolemba uyamba."

Mayi Waya anali atafika kale pakhomo. Anaima.

"Linki yatsopano yolowera pamsonkhanowo anakupangirani ndani?"

"Yatsopano iti? Ndi yomwe ija yakale."

"Yakale ija ikugwirabe?"

"Sabata yatha inagwira, sabata inayo inagwira. Bwanji?"

* * *

Anthu a pakampani imeneyi chinthu chikangogwira ntchito kamodzi, sachikhudzanso mpaka kalekale. Zaka zitatu zapitazo, pomwe anayamba kukumana pavidiyo ndi a kunthambi, amene analimba mtima kupanga linki ya msonkhano wa Lolemba anali mng'ono wake wa Mayi Waya. Linkiyo inakhazikika. Inali mukalendala ya aliyense, ndipo patabuleti ya Bwana Wamkulu ndi chinthu chokhacho chomwe mkuluyo ankadziwa kudina. Ndiye kuti mwini msonkhano wa kampani yonse anali kamtsikana ka mulabu: wolowetsa anthu anali iye, wotseka maiki a olongolola anali iye. Bwana Malonda zimenezi zinkamudya moyo. Lolemba lililonse ankadikira pakhomo kuti mwana amulowetse, ndipo tsiku lina atalankhula mphindi makumi awiri osapuma, mwanayo anamutsekera maiki anthu n'kuseka.

Mwini akaunti akafufutidwa, linki yake imafa naye. Iyi inali moyo. Panali njira imodzi yokha yoti ikhale moyo, ndipo Mayi Waya ankaidziwa bwino chifukwa ankakumana nayo nthawi zonse potseka akaunti. Usanafufute, pamatuluka kabokosi kofunsa ngati ukufuna kusamutsira katundu wa munthuyu kwa wina. Wakuba wanzeru akanati ayi. Koma kabokosiko kanafunsa munthu yemwe kwa zaka zitatu ankalota kukhala mwini msonkhano wa Lolemba, ndiponso munthu yemwe chibadwire sanawerengepo chikalata mpaka kumapeto.

Atabwerera pakompyuta yake anatsegula mndandanda wa maakaunti. Ya Bwana Malonda inali momwemo, mumtolo mwake, poti nayonso inali ya imelo ya kampani. Anaitsegula. Msonkhano wa Lolemba unali pamwamba penipeni, mwini wake Bwana Malonda, wolandiridwa Lachiwiri, 10:14. Anatsika kumalo a zojambula, komwe mwini akauntiyo mwina sankadziwa n'komwe kuti kuliko.

Mavidiyo zana limodzi ndi makumi anayi. Bamboyo anachonga mabokosi onse.

Anapeza vidiyo ya msonkhano wa awiriwiri uja n'kumvera kamphindi kamodzi, kenako anagwira pakamwa. Anaikopera malo atatu osiyana. Anatseka mphamvu yofufuta pa akaunti ya bwanayo. Msonkhano wa Lolemba anausiya m'dzina lake lomwelo, koma anadziika yekha pamwamba pake, kuti nthawi iliyonse akafuna autenge.

Akanatha kungotumiza vidiyoyo kubungwe mwakachetechete, ndipo munthu wofatsa akanatero. Iye anatenga foni. Mng'ono wake sanayankhe. Anamutumizira linki ija ndi mawu ochepa: "Lowa 10 koloko. Vala bwino. Usandifunse."

* * *

Nkhope makumi atatu zinandandalika pasikirini m'timabokosi. Bwana Wamkulu ankaoneka chipumi chokha ndi denga, monga mwa masiku onse. Bwana Malonda anali pakati, akulowetsa anthu mmodzimmodzi, aliyense ndi kanthabwala kake, ndipo chimwemwe chinkachita kusefukira.

"Anzanga, tisanayambe, tilandire Mayi Waya omwe abwerera kwa ife. Kampani yathu yadutsa m'nyengo yovuta, koma tasesa m'nyumba. Mbatata yoola tinaichotsa muthumba, ndipo Lachitatu..."

"Bwana Wamkulu," anatero Mayi Waya, "ndili ndi funso limodzi. Msonkhano uno mwini wake ndani?"

Chipumi chinachita makwinya. "Mwini wake? Si akamwini athu akutilowetsawa?"

"Ndine, inde," anatero Bwana Malonda. "Poti mwini wake wakale anachoka, wina anayenera kuusamala."

"Unafika bwanji m'manja mwanu?"

"Zimenezo ndi za makompyuta, mayi, mukudziwa ndinu."

"Ndikudziwadi. Msonkhano susamuka wokha. Amausamutsa ndi munthu amene akufufuta akaunti, pa mphindi yomweyo, ndipo amalemba yekha dzina la woulandira. A Fomu akanati afufute, akanalemba dzina lanu? Mlembi akanalemba lanu? Ine ndili pabedi la chipatala ndikanalemba lanu?"

Dzanja la bwanayo linayenda, maiki a Mayi Waya n'kutsekeka. Anawatsegula. Linayendanso, anawatsegulanso. Kachitatu anadina batani lake iye, umwini wa msonkhano n'kusamukira kwa iye. Anaona maso a bamboyo akusakasaka batani lothetsa msonkhano, lomwe linali litachoka pasikirini yake.

"Bwana Wamkulu, mayiyu sanachire, mankhwala akumuzunguza mutu! Ine sindingalole kuti..."

Anamutsekera maiki. Pakamwa panapitiriza kutseguka ndi kutseka, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, mawu osamveka. Mayi Waya anamusiya choncho kanthawi, osafulumira, ndipo zinamukomera kuposa momwe ankayembekezera.

Pamwamba pa sikirini panatuluka uthenga woti mlendo wina akudikira pakhomo. Anamulowetsa. Kabokosi katsopano kanatseguka: mng'ono wake, atavala bulauzi yoyera, atakhala pabedi la m'chipinda chake, masaya atalowa. Wina anati "Iii!" asanakumbukire kuti maiki ake ndi otsegula.

"Tsopano tamverani," anatero Mayi Waya.

Vidiyo inadzaza sikirini. Mng'ono wake uja, m'chovala cha mulabu, atanyamula thireyi ya mchenga yomwe munali timbewu tomera apa ndi apo.

"Bwana, mwa mbewu zana zamera makumi anayi ndi imodzi. Mbewu iyi ndi yakufa."

"Malole ali pageti, mwana iwe. Lemba kuti yamera bwino."

"Sindingalembe. Ndi yakufa, bwana. Alimi akabzala iyi alira."

"Mvula ikavuta amalira, mbozi zikabwera amalira. Anena kuti ndi nyengo. Saina."

"Sindisaina. Ndi yakufa."

Bwana Malonda wa muvidiyo anaseka, tayi n'kugwedera. "Chabwino, khala ndi ulemu wakowo. Chidindo chako ndikudziwa dirowa yomwe chimagona."

Vidiyo inatha. Tabuleti ya Bwana Wamkulu inagwedezeka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu nkhope yonse ya mkuluyo inaoneka.

"Mutsegulireni," anatero.

Mayi Waya anamutsegulira. Munthu wa mawu ambiri uja anangoyang'ana kumbali ngati wina wamuitana. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. M'kabokosi ka pakona Wailesi anali ataphimba nkhope ndi manja, ndipo a Fomu ankalemba kanthu mwachangu, lilime lili pampata wa dzino.

"A Fomu," anatero Bwana Wamkulu, "vidiyo imeneyi ipite kubungwe lero, ndi kalata yosainira ine." Kenako anatembenukira kwa woyeza mbewu uja. "Mwana wanga, takulakwira kwambiri. Nena chomwe ukufuna."

Mtsikanayo anayang'anitsitsa kabokosi ka Bwana Malonda, kenako maso ake anasuntha pasikirini mpaka atapeza ka mkulu wake. Aka kanali koyamba kumuyang'ana chichokereni kuchipatala kuja.

"Achemwali."

"Ndili pano, mwana wa mayi anga."

"Tsiku lija ndinanena katatu, palibe anandimva. Ibwezeni poyambira. Ndipo asatuluke munthu."

Mayi Waya anakhoma chitseko cha msonkhano, anakweza voliyumu mpaka pamapeto, n'kuiyambitsanso.